Dontho Limene Apongozi Anaona Posesa

Lole ikamadontha oyilo kumbuyo, idzakusiyani panjira tsiku limene mukuifuna koposa. Ine inandisiya pakati pa Liwonde ndi Balaka nditanyamula mkwati, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe.

Ntchito yanga ndi yoyendetsa lole. Ndinaiphunzira ku usilikali pa nkhondo yapitayi, ndipo nditabwerako ndinalembedwa ndi Mmwenye wina wa sitolo ku Balaka. Popita kumisika ndimanyamula nsalu, mchere ndi palafini, pobwera mtedza ndi nandolo zokatula ku siteshoni ya sitima. Ndinakwatira ku Nselema, ndipo ndine mkamwini pamudzi wa akazanga, Marita. Banja lawo ndi la Alomwe amene makolo awo anachokera kwa Apwitikizi. Ndi Akatolika olimba, koma mwambo wa makolo sasewera nawo. Inu owerenga a mbali zino mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi aakazi sayankhulana maso ndi maso. Tikakumana m'njira wina amapatukira kutchire. Mawu onse, abwino ndi oipa, amadzera mwa Marita.

Chilimwe chatha mlamu wanga Fabiano, mchimwene wa Marita, anapeza mbeta ku Balaka. Ukwati unali wa Loweruka, ku tchalitchi cha kwawo kwa mkazi. Ansembe ananeneratu kuti dzuwa likangofika pamutu iwo akwera njinga yamoto kupita kumidzi yakutali, ndipo sabwerako msanga. Wochedwa adikire mwezi wina, mowa ndi thobwa zisasire m'mbiya. Bwana wanga anandilola kunyamula anthu akuchimuna, popeza ndinali ndi ulendo wa mtedza wa njira yomweyo. Ndinafika pamudzi Lachinayi n'kuimika lole pabwalo penipeni pa apongozi. Ndinkayenda motukula mapewa. Mkamwini wobwera ndi lole sali ngati wobwera ndi khasu.

Kwa inu amene simunalowepo pansi pa galimoto, ndifotokoze pang'ono. Pakati pa mateyala akumbuyo pali chimphika chachitsulo chimene ife timati difu. M'katimo muli magiya amene amasambira m'oyilo wokhuthala. Kumbuyo kwake kuli chivundikiro chomangidwa ndi mabawuti kuzungulira, ndipo pakati pa ziwirizi pamakhala gasiketi, pepala lolimba lotseka mpata. Pamwamba pali kaboo kopumira, koti mpweya uzitulukira chitsulo chikatentha. Oyilo akatha m'menemo, magiya amadyana okhaokha.

Lachisanu m'mawa apongozi akusesa anapeza banga lakuda pansi pa lole. Mawu amene anauza Marita ndinawamva pambuyo pake, zinthu zitaonongeka kale. Anati galimotoyo ikukha magazi, ndipo chinthu chotaya chomwecho sichifika kutali. Koma Marita, posafuna kundichititsa manyazi, anawafewetsa. Anandipeza ndikusamba m'manja, n'kunena chapansipansi kuti, “Amayi akuti lole yanu ikudetsako pabwalo.”

Ine ndinamva dandaulo la pabwalo, osati la galimoto. Manyazi anandigwira. Ndinasuntha lole kuibisa kuseri kwa nkhokwe, banga lija n'kulikwirira ndi mchenga. Kenako ndinakwawira pansi. Chivundikiro chinali chonyowa m'mphepete mwake mwa m'munsi. Choyenera ndinkachidziwa bwino: kumasula, kupukuta, kuika gasiketi wina. Koma mudzi wonse ukanasonkhana kudzaona lole ya mkamwini ili matumbo panja, mawa lake kuli ukwati. Ndinasankha njira yachidule. Ndinalowetsa paipi kumchira kwa sipanala kuti mphamvu ichuluke, ndipo ndinamanga mabawuti aja mpaka kulira. M'mphepete monse ndinamata sopo. Nditaona kuti pa kaboo kopumira paliponso chinyezi, ndinakatseka ndi sera ya njuchi. Kudontha kunaleka, chifukwa chitsulo chinali chozizira. Bawuti woonera kuchuluka kwa oyilo sindinamukhudze n'komwe. Choipa china, pokonza malo a katundu ndinatsitsa chigubu changa cha oyilo kuti mbuzi ya ukwati ikhale bwino.

Loweruka tinanyamuka kukucha. Fabiano anakhala nane kutsogolo, atafungatira katoni yaikulu imene munali suti yake, poopa fumbi. Anthu anadzaza pamwamba pa matumba a mtedza. Apongozi, posunga ulemu, anasankha malo akutali ndi ine, chakumbuyo. Malo amenewo ali pamwamba penipeni pa difu.

Nyimbo zinayamba tisanatuluke m'mudzi. Tinadutsa pa Ntaja anthu akutikweza manja, tinatsika mpaka pa Liwonde, n'kuoloka Shire pa pantoni, chombo choolotsa magalimoto, popanda vuto. Tili pamadzi apongozi anauza Marita kuti pansi pakutentha ndipo pakununkha. Marita ndiye ankatsogolera nyimbo. Anangoti, “Ndi dzuwa limenelo, amayi,” n'kuyambitsa ina.

Titaoloka, difu anayamba kulira. Kulira kwake kumamveka ngati mphepo yolowa m'botolo, ndipo tsiku lina lililonse ndikanakumva. Koma kumbuyo kunali nthungululu ndi m'manja, pambali panga Fabiano akundifunsa kosaleka ngati tifike msanga. Mwadzidzidzi denga la kutsogolo linagunda: gu! gu! gu! Ndinaponda buleki. Nditatsika, nyimbo zonse zinali zitazima. Apongozi anga anali atayenda pamwamba pa matumba ndi pa miyendo ya anthu mpaka kufika kutsogolo, nkhope ataphimba ndi nsalu, ambulera ili m'manja. Chikwatirire pamudzi paja, anali asanandiyandikirepo chotero.

Anthu anawathandiza kutsika. Pambali pa msewu panali mlambe waukulu. Anandifulatira, n'kuyang'ana mtengowo.

“Mlambe iwe,” anatero mokweza, “uwauze eni galimoto kuti ine ndakhalira moto. Ngati akufuna kundiwamba ngati mlamba anene, ndiyambe ndavula nsalu yatsopanoyi.”

Ndinagwada, nanenso kuyang'ana mtengo womwewo. “Mlambe, uwauze amayi kuti ndamva, ndipo andikhululukire.”

Anthu anaseka mpaka mbuzi inadzidzimuka. Ine sindinaseke. Nditalavulira difu, malovu anachita thovu n'kuuma pomwepo. Kumbuyo konse kwa lole kunali kwakuda ndi oyilo wosakanizika ndi fumbi. Ndinadikira pang'ono kuti chitsulo chizizire, ndinamasula mabawuti ndi chiguduli m'manja, ndipo oyilo amene anatuluka sakanadzaza kapu. Mano a magiya anali atasintha mtundu, koma onse analipo. Tikanapita patsogolo pang'ono akanagweluka, ndipo ukwati ukanathera pomwepo.

Ntchito ya manja anga inaonekera poyera. Paipi ija inapinda chivundikiro, mpaka m'mphepete mwake munali mapiri ndi zigwa. Gasiketi anali ataphwanyika n'kung'ambika. Sopo anasungunuka. Ndipo popeza kaboo kopumira ndinakatseka, mpweya wotentha unasowa potulukira, n'kukankha oyilo yense kudzera m'mipata imene ndinaipanga ndekha. Dontho la Lachisanu ndinalisandutsa mtsinje.

Gasiketi wina ndinalibe. Maso anga anagwa pa katoni ya Fabiano. Iye anaikumbatira.

“Iyayi, mlamu! Mwandithera ulendo, tsopano mukufuna ndi suti yomwe?”

Ndinamuuza kuti suti asunge, ine ndikufuna nyumba yake yokha. Anakavalira kuseri kwa mlambe, n'kutuluka ali mbuu ngati kalaliki wa kwa Bwana Disi, n'kukaima kutali ndi oyilo, manja ali m'mwamba.

“Mukandichedwetsa, mkaziyo mukamukwatira ndinu,” anakuwa ali komweko, “tione ngati achemwali anga akusiyireni makutu.”

Ndinaika chivundikiro pa mwala wosalala n'kuchiwongola ndi hamala pang'onopang'ono. Ndinapala zotsalira za gasiketi wakale mbali zonse ziwiri mpaka chitsulo kuyera. Katoni ndinaigoneka pa chivundikiro n'kumagogoda m'mphepete, mpaka inadulika molingana ndi chitsulo, ndi mabowo ake omwe. Ndinaipaka girizi. Mabawuti ndinawamanga ndi dzanja limodzi, uyu kenako wa tsidya lake, mobwerezabwereza, popanda paipi. Sera ndinaichotsa ndi waya. Zonse zinatheka, koma chimphika chinali chopanda kanthu, ndipo chigubu changa chinali ku Nselema. Mbuzi inkangondiyang'ana.

Apongozi anga amadziwika ndi kuyenga mafuta a nsatsi. Pa ulendowu ananyamula chipanda chachikulu chodzaza, mphatso yokapatsa amayi a mkwatibwi. Anakhala pansi atachigwira pamiyendo. Kenako anatsokomola.

“Mlambe, tafunsa ngati chilombochi chimamwa nsatsi.”

Ku usilikali ndinamvapo kuti mafuta a nsatsi amapirira kutentha, ndipo pamavuto amatha kupulumutsa magiya. Ndinayankha mtengo kuti chimamwa. Marita anatenga chipanda kwa amayi ake n'kundipatsa. Ndinapinda chotsala cha katoni ngati fanulo, n'kuthira mpaka mafuta anafika pakamwa pa bowo loonera. M'chipanda simunatsale kanthu.

Tinayenda pang'onopang'ono, popanda woimba, aliyense khutu lili pansi. Ndinaima kangapo kukagwira difu ndi dzanja. Anali wofunda, koma wouma kunja. Tinalowa mu Balaka mthunzi wa munthu uli pafupi kulowa pansi pa mapazi ake. Pakhomo pa tchalitchi njinga yamoto inali itatulutsidwa kale, ansembe atavala chipewa cha paulendo, akuchikazi nkhope zili gwa. Fabiano anadumpha lole isanaime. Ansembe anayang'ana suti yake yafumbi, anayang'ana mikono yanga yakuda, ananunkhiza mpweya, n'kuvula chipewa. Ukwati unadalitsidwa. Ine ndinaima kumbuyo kwenikweni, osagwira benchi.

Pamadyerero apongozi anapereka chipanda chopanda kanthu kwa amayi a mkwatibwi, n'kunena pamaso pa anthu kuti mphatso yawo yamwedwa ndi lole ya mkamwini. Kuyambira tsiku limenelo, ku Nselema mpaka ku siteshoni, dzina langa ndi Ansatsi. Lolemba ndinakhetsa mafuta aja, ndinatsuka m'kati ndi palafini, n'kuika gasiketi weniweni ndi oyilo woyenera. Bwana wanga anandikalipira mokwanira. Difuyo amalirabe pang'ono mpaka lero, makamaka pachitunda, kundikumbutsa.

Inu anzanga oyendetsa malole, mukaona dontho pansi musalikwirire ndi mchenga. Masulani chivundikiro ngakhale mudzi wonse ukuonerera, pakuti manyazi a pabwalo ndi aang'ono poyerekeza ndi a pamsewu. Bawuti si mdani wanu, musam'mange ndi ukali. Kaboo kopumira kasiyeni kapume. Sopo ngwosambira, ndipo nsatsi zinangondifikitsa ku Balaka, musati ndakuphunzitsani kuyendera zimenezo. Chigubu cha oyilo chisatsike chifukwa cha mbuzi. Ndipo inu akamwini anzanga, uthenga wa apongozi ukafika wofewa, funsani akazanu kuti mawu enieni anali otani. Amayi aja anaona vuto ine ndisanalione, koma mawu awo anafika kwa ine atasendedwa makoko.

Mwezi wamawa mwana wa Fabiano abatizidwa ku Balaka, ndipo wonyamula anthu ndi ine. Marita masiku ano amabweretsa mawu monga anenedwera. Akuti amayi adzasesa okha pansi pa lole tisananyamuke, ndipo akadzapeza dontho ngakhale limodzi, palibe wokwera. Nsatsi ayanika kale padzuwa.