Chingerezi Chimene Abambo Ananenera Alamu Anga

Chaka chimene ndinkakonzekera mayeso a Folomu 4 tinkakhala ku Kawale. Abambo, kwawo ku Rumphi, anali kalaliki wopuma pantchito, ndipo ndiwo ankandikonzera Chingerezi m'makope anga.

Lamlungu lina masana achemwali anga anabwera kudzacheza ndi amuna awo, amene ankayendetsa lole ku Kanengo. Alamuwo anafika akuseka, akundiyamikira kuti ndakula. Kenako foni ya achemwali inalira, anali mnzawo wakuntchito. Kuseka kwa alamu kunathera pomwepo. Tiyi sanamukhudzenso. Maso anali padzanja la achemwali mpaka foniyo inalowa m'chikwama. Potsazika anayambanso kuseka, nkuwapatsa Abambo moni wa manja awiri.

Atatuluka pageti, Abambo anati, "That man blows hot and cold."

Ndinaganiza kuti lero ndawapezerera. "Abambo, mwalakwitsa. Chinthu sichingakhale hot komanso cold nthawi imodzi."

"Sindinalakwitse," anatero, maso ali kugeti. "Angerezi amawaphatikiza dala mawu amenewa. Palinso cold sweat, thukuta lozizira la munthu wamantha. Hot and cold akunena munthu woti lero akukonda, mawa ngati sakukudziwa. Waukali wa tsiku ndi tsiku umadziwa pomuzembera. Uyu ayi."

Amayi, akuchotsa makapu, anati, "Mwana wathu uja wabwera atavala juzi mu Okutobala muno. Mwaona inu?"



Kuyambira tsikulo achemwali anasiya kubwera. Foni yawo ankayankha ndi alamu, mwaulemu kwambiri: agona, apita kumsika. Patatha masabata atatu Abambo anavala jekete lawo lakutchalitchi, nkundiuza kuti ndiwaperekeze ku Chinsapo kwa achemwali.

Tinapeza chitseko chili ndi loko kunja. Mayi woyandikana nawo nyumba anati alamu apita paulendo dzana.

"Nanga akazi awo?" anafunsa Abambo.

Mayiyo anangoyang'ana pawindo la nyumba ya alamu, nkulowa m'nyumba mwake. Katani ya pawindolo inagwedera.

"Ndili muno, Abambo," anatero achemwali motsitsa mawu. "Kiyi apita nayo."

Abambo anabwereka hamala kwa wowotcherera zitsulo, tinathyola loko. Muminibasi achemwali ankangocheukira lole iliyonse yodutsa.

Anakhala kwathu miyezi iwiri. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza Amayi atakhala pakhonde, manja ali m'masaya. Alamu anali atabwera ndi ankhoswe awo, atagwada, atalira. Achemwali anali atabwerera nawo ku Chinsapo.