Munthu Amene Batata Anagunda pa Tivi

Ndikukumbukira Loweruka lina la Okutobala ku Dambwa North, dzuwa likuwotcha mpaka malata kumathetheka. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Amalume, amene ankanyamula mabwato a alendo kumunsi kwa mathithi, anali atandibweretsera makina a gemu omwe mlendo wina anawasiyira pobwerera kwawo. Anabwera ndi disiki imodzi yokha, ndipo pakona pa chikuto chake panali nambala 18 yofiira. Ine nambalayo ndinkaiphimba ndi chala, ngati kuti bambo anga, Batata, analibe maso.

Batata ankapha mbuzi pafupi ndi msika wa Maramba. Magazi ankawaona tsiku ndi tsiku, koma ife ana sankatilola kuona mpeni ukugwira ntchito. Tikawapititsira chakudya ankatiimika kumpanda, n'kuyamba asamba m'manja kawiri asanatipatse moni. Analinso ndi lamulo lawo: chilichonse cholowa m'nyumba mwathu, kaya buku kaya maswiti, ankayamba iwo kuchilawa. Pa maswiti pokha lamuloli tinkalikayikira ndithu.

Masana amenewo anachotsa chala changa pachikuto, n'kutambasula dzanja. "Leta, niyambe ine," anatero.

Anakhala pakampando, ine pansi pasimenti, phewa langa litatsamira bondo lawo. Ankamveka fungo la sopo wochapira ndi kafungo ka mbuzi kosachoka kaja. Zala zawo zinali zazikulu moti zinkadina mabatani awiri nthawi imodzi. Gemuyo inali ya mzinda waukulu momwe umaba magalimoto n'kumathawa apolisi uku ukuwombera; anzanga anali atandiuza kale zonse. Koma Batata anayamba afunsa kuti galimotoyo ndi ya ndani. Ndinanama kuti ndi ya kampani. Ndiye anaiyendetsa pang'onopang'ono ngati yanyamula mazira, kuima paloboti iliyonse yofiira, ine mtima ukupsa. Nditawasonyeza batani la mfuti anangoti, "Nanga banilakwila chani?"

Kenako chala chinaterereka. Galimoto inakwera m'mphepete mwa msewu n'kugunda bambo wina amene ankangodziyendera. Anagwa chafufumimba, magazi n'kuyenderera pansi. Sindibisa, ine ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Batata anaika chowongolera chija pansi n'kudikira. Anthu a mu gemu ankangodutsa, ena kumulambalala. Patapita kanthawi mtembo unazimiririka, msewu n'kuyera ngati sipanachitike kanthu.

"Bamupeleka kuti?" anafunsa.

"Amangosowa, Batata. Ni gemu chabe."

"Palibe omulila?"

Ndinati palibe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo lero ndikudziwa kuti chinawavuta kwambiri chinali kuseka kwanga kuja. Anadzuka, kupita pampopi panja, n'kusamba m'manja kawiri monga ankachitira kuntchito.

Disikiyo anaitsekera m'bokosi lawo lachitsulo, momwe munkakhala suti yawo ya kutchalitchi. "Ukakwanitsa zaka zimene balemba apo, tizasewela tonse," anatero. "Nizakhala naphunzila kuyendetsa." Ndinakwiya mlungu wathunthu. Chakudya chawo ndinakana kukapereka, moni ndinkayankha ndi mphuno. Mumtima ndinkati: munthu wokhalira kupha mbuzi angaope bwanji magazi a pa tivi? Iwo sanandikalipire, komanso bokosi silinatseguke. Amalume anadzandipezera disiki ya mpira, mkwiyo n'kuphwa wokha.

Batata anatisiya ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Amayi atandituma kukatenga suti yoti tiwaveke, disiki ija ndinaipeza pansi pa bokosi, itakulungidwa bwinobwino m'kansalu kawo kopukutira thukuta. Ankaisungira tsiku lathu lija. Ndinakhala pansi n'kulira, ndipo mpaka lero sindinaiseweretsepo.

Masiku ano magemu amalowa okha m'foni, palibe chikuto choti uone, palibe bokosi loti utsekere. Makolo ena amati ana a lero ndi ochenjera, asiyeni. Mwina n'zoona. Koma sabata yatha mwana wanga wamkazi, wa zaka khumi ndi chimodzi naye, anandipempha gemu ya nambala yomweyo, ndipo ndinangodzimva ndikuti, "Leta, niyambe ine." Anakhala pansi, phewa lake pabondo langa, kundiseka poyendetsa moipa kuposa agogo ake amene sanawaonepo. Ndinawasowa Batata kwambiri nthawi imeneyo.

Gemuyo ndinamukaniza, ndipo lero ndi tsiku lachitatu akundiyankha ndi mphuno. Ndamulonjeza kuti akadzakwanitsa zakazo tidzasewera limodzi. Iye akuwerenga zaka zisanu ndi ziwiri mokwiya. Ine ndikungopempha Mulungu kuti ndidzakhalepo.