Makilo atatu amene ndinanama

Amuna anga anali mphunzitsi pa boma ku Chadiza, munthu wathupi ndithu. Mtima wawo utayamba kutupa cha m'ma 1990, madokotala a ku Lusaka anati mwina angawatumize kunja kukawaika mtima wina. Koma anati ayambe achepetsa thupi, chifukwa munthu wonenepa kwambiri sachira msanga pa opaleshoni yotere.

Lolemba lililonse tinkapita kukiliniki kukakwera sikelo. Mimba inkawatchinga, choncho wowerenga ndinali ine. Tsiku lina muvi unakwera m'malo motsika.

"Nanga bwanji, amake Tisa?"

"Mwatsika makilo atatu," ndinatero, maso ali pansi.

Anaseka mpaka kutsokomola. Pobwerera anagula zitumbuwa zinayi zokondwerera. Ine ndinadya zitatu mofulumira, ati kuwateteza.

Kalata yowaitana kunja kuja sinabwere. Atagonekedwa m'chipatala ku Chipata anandigwira dzanja, nati, "Anthu onse akundinamiza kuti ndichira. Inu nokha simunandinamizepo."

Ndinangogwedeza mutu. Mpaka lero ndimalakalaka atangolowa pakhomo, ndiwauze zoona, andikalipire ngakhale tsiku lonse.