Mayankho Olakwika Khumi

Sabata lachisanu ali ku koleji, mtsikana amene anzake ankamutcha Mlembi anaima pakhomo la ofesi ya mphunzitsi wa masamu, fomu yosiyira kosi ili m'manja. Mayeso oyamba anali atapeza 18 pa 100. M'kalasimo mipando ina inali itayamba kale kugwira fumbi, eni ake atathawa. Nayenso ankafuna kungosowa mwakachetechete, ngakhale mayi ake anali atauza kale aliyense kuti mwana wawo adzakhala injiniya.

Mphunzitsiyo, bambo waimvi, fomuyo sanaigwire n'komwe. Anapempha kope.

Kope lake kukongola ngati kalata yachikondi! Mitu yodula mzere ndi inki yofiira, popanda pofufuta paliponse.

"Mwanawe, zonsezi ndinalemba ndine pa bolodi," anatero bamboyo. "Zako zili pati? Unalakwitsa pati?"

"Sindifuna kulidetsa, aphunzitsi."

"Walira mvula walira matope."

Anamupatsa mulu wa mapepala akale olembedwa mbali imodzi. "Lachisanu lililonse uzindibweretsera mayankho olakwika khumi. Olondolawo uzisunga wekha. Pakatha masabata atatu, ukadzaifunabe fomuyi ndidzasaina."

Lachisanu loyamba Mlembi anapita nkhope ili pansi. Anakhala limodzi ndi mphunzitsiyo n'kumalondola yankho lililonse mzere ndi mzere mpaka pamene phazi linaterereka. Mayankho asanu ndi awiri anagwera malo amodzimodzi: akamatsegula mabulaketi ankaiwala kusintha chizindikiro. Basi! Kanthu kakang'ono choncho n'kamene kankafuna kumulanda maloto.

"Mlembi, wayamba kugulitsa makala?" mnzake wogona naye chipinda anamuseka ataona zala zakuda ndi pensulo. Sabata lotsatira wosekayo anamutsatira, atanyamula zolakwa zake. Za fomu palibe anakumbutsanso. Mwezi usanathe, anthu khumi ndi asanu ankapanikizana muofesimo, ena amene anali atasiya kale kubwera, n'kumakangana kuti walakwitsa mopusa kwambiri ndani.

Tsiku la zotsatira za mayeso omaliza Mlembi analephera kuyang'ana pa bolodi. Anatuma mnzake uja.

"Wapeza 58, mwali! Dzuka pansipo, ukutichititsa manyazi."

Sanadzuke msanga. Anangokhala pasimenti pomwepo, akuseka, misozi ili chuchuchu, mpweya umene anaugwira miyezi inayi ukutuluka.

Iwe amene wagwa mayeso oyamba ndipo wayamba kuyang'ana kuchipata, dikira kaye! Tenga pepala, lakwitsa lero lomwe, ukasonyeze munthu wodziwa. Usataye mtima msanga chonchi.