Masawu a m'Diramu la Dona

A Blasius Namaona anabadwira kwa Mposa, koma moyo wawo wonse unathera m'maluwa a eni. Anafika ku Balaka mu 1934 ndi khasu limodzi ndi korona m'khosi, nalembedwa ugadeniboyi pa esiteti ina ya thonje kuseri kwa njanji. Boyi! Munthu wa ana anayi, imvi mbuu, ankamuitanabe boyi. Iwo sankadandaula, popeza anali ndi chinthu chimodzi chonyadira: kuchokera pa Balaka mpaka ku Liwonde, mzungu aliyense ankadziwa kuti katswiri wa maluwa ndi Blasius. Munda analibe, ng'ombe analibe, chuma chawo chonse chinali dzina limenelo.

Dona wa pa esitetipo, mkazi wa bwana wachizungu, anali ndi duwa lomwe ankalikonda kuposa mwamuna wake. Linabwera pa sitima kuchokera ku Joni, kwa malemu mayi ake, ndipo linkakhala pakhonde m'diramu lodula pakati. Kanali kachitsamba kaminga, ka masamba ozungulira ndi maluwa ofiira. Chaka cha njala ija, 1949, dona anapita kwawo kutchuthi cha miyezi isanu ndi itatu. Atakwera kale galimoto anasuzumira n'kunena m'Chinyanja chake chokhotakhota, "Duwa likafa, iwenso kwanu."

Zitsime zinauma. A Blasius ankasenza ndowa kuchokera kudambo, mtunda wa maola awiri, kudzathirira duwa, ana awo akugona osasamba. Koma chiswe sichidziwa za Joni. Chinalowera pansi, chitsamba n'kufota. Iwo anachidulira mpaka pachitsa, n'kuthira manyowa a m'khola la mbuzi zawo, amene dona ankawakana chifukwa cha fungo. Patatha masabata atatu kamphukira kanatuluka pambali penipeni pa chitsacho, ka masamba ozungulira, timinga tikuoneka kale. Bamboyo anagwada pakhonde pomwepo n'kuthokoza Amayi Maria.

Anawazindikiritsa ndi akazi awo, a Anastasia, tsiku lina atabwera kudzatenga phoso, ufa umene antchito ankalandira Loweruka. Anatembenuza tsamba limodzi n'kuwayang'ana amuna awo.

"Abambo a Lilian, awa si masawu awa? Taonani kunsi kwa tsambali kuyera mbee. Mbuzi zanu zija zimadya chiyani chilimwe chonse?"

"Tatsikani pakhonde la eni, amayi," anatero a Blasius.

Anadziwa. Nanga masawu angamusokoneze ndani ku Balaka, komwe amamera mpaka pakhomo la chimbudzi? Njere inabwera ndi manyowa, duwa la dona linafa kalekale. Koma kunja anthu ankadya mizu, ndipo phoso lija ndilo linkasunga nyumba yawo. Anangotola ndowa n'kuthirira.

Dona atabwera anaomba m'manja, n'kuwapatsa jekete lakale la bwana. Zaka zitatu zathunthu a Blasius anaweta mtengo wa m'tchire ngati mwana wa mfumu. Ankaudulira kuti usatalike, ndipo timaluwa take tobiriwira ankatibudula m'mawa dona asanadzuke. Dona ankangodandaula kuti duwa lake lasiya kumasula chifukwa cha kutentha. Wophika, a Sufiyani, ankadziwa. Wochapa ankadziwa. Ngakhale azimayi ogulitsa mazira ankafika pakhondepo n'kubisa pakamwa ndi nsalu. Palibe anaulula, ndipo chimene chinkawawawa a Blasius n'chakuti anthu akwawo ankawamvera chisoni.

Mu 1952 malungo anawagoneka mwezi wathunthu. Pamene ankadzuka, mtengo uja unali utabereka tizipatso mbwee. Dona anaitanitsa mzungu wina wa zaulimi, amene anabwera ndi buku lalikulu ndi galasi loonera tizinthu. Anakhala mmawa wonse akuvundukula mapepala, thukuta kamukamu. Atatopa anafunsa a Sufiyani, omwe ankathira tiyi.

"Masawu, bwana," anayankha a Sufiyani maso ali pansi.

Dona anaitana a Blasius. Nkhope yake inali psuu. "Unadziwa kapena sunadziwe?"

Akati ndinadziwa, ndiye kuti ananamiza dona zaka zitatu, ndipo wabodza ankatha kupita naye kupolisi. Anaganiza za ana, naganiza za chikoti.

"Sindinadziwe, dona."

Anachotsedwa tsiku lomwelo, atagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Bwana anawalembera kalata yoti azikaonetsa pofuna ntchito ina, ndipo iwo anailandira ndi manja awiri. Anayenda nayo ku Zomba, ku Limbe, ku Ntcheu. Mzungu aliyense ankaiwerenga, n'kuseka pang'ono, n'kuwabwezera. Chaka chitatha, nsapato zitatha, anapita kwa a Abdulrazak, kalaliki wa pasiteshoni ya sitima, n'kuwapempha kuti awamasulire.

A Abdulrazak anawerenga kawiri, n'kukanda kumutu. "Achimwene, yalembedwa kuti ndinu munthu wachilungamo, simunabepo kanthu, simunanamepo. Koma akuti maluwa simuwadziwa. Akuti simutha kusiyanitsa duwa ndi chitsamba cha m'tchire."

A Blasius anaipinda kalatayo bwinobwino.

"Bola akanalemba kuti ndine wabodza," anatero.

Anabwerera kwa Mposa mwezi womwewo, nakalima ganyu m'minda ya anthu mpaka imfa yawo.