Manda Opanda Maliro Amene Ndinawaona Kuchokera M'mwamba

Ndikudziwa kuti ena mukawerenga izi munena kuti mayiyu wangopeka, koma Mulungu ndi mboni yanga, zinandichitikira ine ndemwe, masanasana, ndili bwinobwino m'mutu. Mayina sinditchula chifukwa ena mwa anthuwo akadali moyo, ndipo ndi abale anga.

Zaka zimenezo ndinkagulitsa sitiroberi ndi mabulosi pamwamba pa phiri la Zomba. Kwathu kunali m'tsinde mwa phirilo, pafupi ndi mtsinje wa Likangala, pamalo amene anandisiyira malemu mayi anga. Malowo ndi amene anatidanitsa ndi amalume, chifukwa iwo ankafuna kuwagulitsa kwa munthu wina woti amangepo nyumba zogonamo ophunzira a pa yunivesite ya ku Chirunga, ine n'kukana. Ndipo ine pokana sindinyengerera, pakamwa pangapa mpoyabwa: ndinawauza anthu akumva kuti malowo adzawagulitsa ine ndili m'manda.

Loweruka lina kunabwera aukwati kudzajambulitsa kuphiriko, ndipo wojambula wawo anali ndi kandege kaja kopanda munthu, kolira ngati njuchi. Ndinamunyogodola kuti bambo wamkulu wandevu akusewera ndi chidole, iye n'kuseka, n'kundiitana kuti ndidzaone pa foni yake zimene chidolecho chikuona.

Abale, dziko lathu ndi lokongola tikamaliona kuchokera m'mwamba! Ine wobadwira pompano ndinali ndisanaionepo Zomba chonchija: malata akung'anima, msika uli thithithi, mzikiti ndi masitolo a amwenye, akabaza akuyenda ngati nyerere, azimayi atayanika zovala pamiyala ya Likangala, ndipo kutali uko nyanja ya Chilwa ili mbuu. Ndinasangalala mpaka kuiwala mbale zanga za mabulosi, ndipo ndinamupempha kuti andionetse kwathu. Anakatsitsa kandegeko n'kukaimitsa pamwamba penipeni pa nyumba yanga. Ndinaona mbuzi zanga, ndinaona ndi bafa langa lopanda denga, n'kuchita manyazi ndekha.

Kenako kanadutsa pamwamba pa manda a m'mudzi mwathu. Inu mukudziwa kuti manda ukakhala pansi umangoona mitengo yowirira, ndipo munthu salowamo mwachisawawa. Koma kuchokera m'mwamba zonse zinali pambalambanda. Pakati pa mitengopo panali mulu wa dothi lofiira, laliwisi, ndi dzenje lotseguka, ndipo amuna awiri ankachokapo atanyamula makasu. Mmodzi anavala chipewa choluka chofiira. M'mudzi monse, munthu wovala chipewa choluka ngakhale dzuwa likuswa mtengo anali mmodzi yekha, amalume anga.

Kodi manda amakumbidwa popanda maliro? M'mawa womwewo ndinadutsa m'mudzi monse, sindinamve kulira, sindinaone masamba oyalidwa pamsewu osonyeza kuti pali zovuta, ndipo panalibe ngakhale wodwala wakayakaya. Nanga dzenjelo linali la yani?

Apa ndi pamene ndinapusa. M'malo motseka pakamwa, nditatsika phiri ndinapita kwa amalume omwewo, n'kugwada mwaulemu, n'kuwafunsa kuti watisiya ndani popeza ndaona manda okumbidwa. Anaseka kuseka kosafika m'maso. Anati kulibe dzenje lililonse, ndipo anandifunsa kuti munthu wamkazi amene sanaponde kumanda angaone bwanji za m'katimo, kapena mwina mphwawo wayamba kuuluka. Ndinafotokoza za kandege ka wojambula uja, iwo n'kungogwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene watola chinthu panjira.

Musaiwale kuti inali nyengo imene mphekesera za anamapopa zinali ponseponse, moti mlendo aliyense wonyamula chikwama ankamuyang'ana ndi diso lofiira. Sipanapite masiku ambiri ndisanaone kuti zinthu zasintha. Ndikafika pamjigo, azimayi ankasiya nkhani. Ana amene ankandithamangira kudzapempha mabulosi ankathawira kuseri kwa nyumba. Kenako ndinamva kuti akuti kandege kaja kanaima pa nyumba yanga chifukwa ndinakaitana ine, kuti ndikuwasonyeza opopa magazi nyumba zoti adzalowe, ndiponso kuti ndavomera ndekha kuti ndimaona za m'manda ndili m'mwamba. Ndani anawauza zimenezo, pamene ndinauza munthu mmodzi yekha?

Tsiku lina masana ndikusankha mabulosi pakhonde, anatulukira mayi wina wachisilamu woyandikana nane, amene ankagulitsa usipa mumsika. Sitinali pa chinzake chenicheni, tinayambanapo kale chifukwa cha mbuzi zanga. Sanapereke ndi moni womwe. Anandikokera m'nyumba n'kundiuza kuti anyamata asonkhana pabwalo la mpira ndi zikwanje, wina wapita kukagula petulo, ndipo ngati ndikufuna kuona mawa ndisiye zonse. Ndinayamba kumukayikira nayenso, n'kumati mwina amutuma kuti adzanditulutse. Koma iye sanadikire kuti ndimukhulupirire. Anandiveka diresi lake lalitali ndi mpango wophimba mutu mpaka m'masaya, n'kundisenzetsa dengu la usipa.

Njira yopita kutauni inali imodzi, yodutsa pabwalo lomwelo. Sindinachitepo mantha otere chibadwire. Mnyamata wina, amene ndinamubereka kumbuyo ali khanda, anatiimitsa n'kufunsa kuti uyu ndani. Mayi uja anamukalipira m'Chiyao, n'kunena kuti ndi achemwali ake ochokera kunyanja ndipo usipa sudikira anthu opanda zochita. Ndinaweramitsa nkhope, koma pakona ya diso ndinaona kumbuyo kwa gululo, pansi pa mtengo wa mango, chipewa choluka chofiira chija. Mwini wake anangopinda manja n'kumadikira.

Ndinakwera minibasi ya ku Malosa, kumene mwana wanga wamkazi anakwatiwa, ndipo ndi kumene ndikukhala mpaka lero. Madzulo a tsiku lomwelo nyumba yanga anaitentha. Pamalo a mayi anga pano pali nyumba yaitali ya zipinda zambiri, ndipo ana asukulu amayanika zovala pamene panali khola la mbuzi zanga.

Mphekesera zitazizira, abale ena anabwera kudzandipepesa. Anati dzenje lija linalipodi, koma linali lobisamo matabwa a paini ocheka mwakuba kuphiri, popeza alonda a nkhalango salowa kumanda, ndipo amalume anangoopa kuti ndikawaulula. Ndinawayankha kuti ndamva. Koma ine ndakhala moyo wanga wonse ndikupatukira anthu osenza matabwa akutsika phirilo, ndipo ndikudziwa kutalika kwa thabwa. Dzenje lija silinali la thabwa. Linali la msinkhu wa munthu, munthu wamfupi ngati ine.

Chimene ndimakhulupirira n'chakuti ndinanena ndekha kuti malowo adzagulitsidwa ndili m'manda, ndipo munthu wina anamva mawuwo n'kukatenga khasu. Inu anzanga, mukamakangana ndi abale pa nkhani ya malo, musamatchule imfa yanu, pali ena amene amamvetsera bwino. Ndipo mukadzaona chinthu chimene simunayenere kuchiona, kaya muli pansi kaya m'mwamba, musakafunse kwa mwini chipewa.