Kabatire ka pa Makiyi a Abwana

Zinayamba ndi kanyale kofiira kukana kuyaka. Bambo a kwathu anali dalaivala wa mmwenye wina wa ku Limbe, ndipo Loweruka limenelo anabwera ndi galimoto yatsopano ku Ndirande kudzadya nkhomaliro. Anaisiya kumsewu, poti kunyumba kwathu galimoto siifika. Pamakiyi panali kabokosi kakuda: ukadina, kanyale kamayaka, galimoto n'kulira, zitseko n'kudzikhoma zokha. Tsikulo anadina, anadinanso, zii.

"Batire latha," anatero.

"Pitani nakoni kugalaja komwe anaigula, bambo a mwana."

"Loweruka masana ano? Atseka kale. Ndipo abwana akamva ati ndawononga ndine."

Anathamangira kumsika kwa wokonza mawotchi, n'kubwerako ndi kabatire konga batani la malaya. Anakhala pakhonde n'kukanula kabokosiko ndi mpeni wanga wosendera mbatata. M'kati munali kathabwa kobiriwira ndi timawaya tonyezimira. Chinali chaka chija timapepala ta matipate tinkapezeka m'misewu, anthu akutengedwa chifukwa cha makina alionse osadziwika bwino.

Mayi a nyumba yoyang'anana nafe, tcheya wa amayi a chipani, anasiya kuyanika zovala.

"Kodi achimwene, kawailesi kameneko n'komvera kuti?"

Bambo asanayankhe, kamtsikana kanga kachisamba kanafuula: "Adadi amalankhula nako patali, ndiye kwinako amayankha!"

Ndinakatsina, koma mawu anali atatuluka. Mayi aja anati, "Eti, mwana sanama." Analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala nsapato.

"Tsekani msanga," ndinanong'ona. Bambo anayesa kutseka mofulumira. Kabatire kanagwa, n'kugubudukira m'ngalande, tinakatola kali matope okhaokha.

Posakhalitsa anafika anyamata achipani a malaya ofiira. Wamkulu wawo tinkagula makala kwa iye, koma apa anachita ngati sanationepo.

"Mumalankhula ndi ndani kunja, bambo?"

"N'zagalimoto izi, achimwene. Tiyeni kumsewu mukaone."

Tinakwera mtunda, anthu akutilondola. Bambo anadina. Zii. Anasendera pafupi, anadinanso. Kanyale kanaphethira mofooka, galimoto ili duu.

"Galimotoyi siikukudziwani," anatero wamakala uja. "Nanga kanyaleka kakuyankha ndani?"

Anawagwira lamba kumbuyo. Bambo anandiyang'ana kamodzi, kenako n'kuyang'ana ana. Ndinamva. Tonse tinkadziwa kuti akatenga mwamuna amabweranso kudzasecha nyumba, mwina kutenga ndi mkazi yemwe, ana n'kutsala okha.

Sindinalire. Ndinatsika, ndinazimitsa mbaula, ndinatulutsa nsalu zachipani m'sutikesi. Imodzi ndinavala, inayo ndinaberekera wakhanda, nkhope ya pansalupo ioneke bwino kumsana. Makhadi achipani ndinaika m'kamisolo. Ndinanyamula dengu lopanda kanthu, chitseko n'kusiya chosakhoma kuti aziyesa ndibwerera.

Atcheya anali atabwerera pakhonde pawo. "Wakuti, mayi?"

"Kokagula ndiwo, amayi."

Maso awo ndinkawamva kumsana mpaka pokhota. Tinakwera basi ya m'tauni, kenako ya ku Bangwe kwa achemwali anga. Pasiteji ndinagula nzimbe, ndipo njira yonse ndinkasenda ndi mano n'kumapatsa kamtsikana kaja chidutswa pa chidutswa, kuti pakamwa pake pasapezeke mpata wa mawu.